Tseka Chitseko, Ndikujambula

Lolemba, 6 Meyi
Amayi atuluka m'chipatala. Bandeji pakhosi. Adokotala akuti mawu mwina abwerera, mwina ayi. Azakhali agula makope awiri, lina loti amayi azilembamo zofuna kunena, lina andipatsa ine. Pakamwa ndine wamanyazi, koma cholembera ndayamba kuchizolowera. Choyamba chimene amayi alemba: "Mbale sizinatsukidwe." Ndaseka. Kenako ndakalira kubafa.

Lachitatu, 8 Meyi
Ndapalamula. Ndimafuna kuika masewera mufoni ya amayi, ikuti malo atha. Ndinaona mafayilo ambirimbiri, mayina ake manambala okhaokha. Ndimayesa zinyalala. Ndafufuta onse, 43. Kenako ndinazindikira. Zinali nyimbo zawo. Zaka zonsezi amadzijambula akuimba alito, n'kutumizira anzawo a kwaya kuti aziphunzira kunyumba. Mawu awo anatsala mmenemo basi. Masewerawo ndi osakoma n'komwe.

Lachisanu, 10 Meyi
Wokonza mafoni wangopukusa mutu. "Zikapita zapita, chemwali." Masana amayi anatenga foni. Chala kukwera, kutsika, kukweranso. Anaiika patebulo chafufumimba. Sanalembe kanthu. Bola akanandikalipira. Koma andikalipira ndi chiyani?

Lamlungu, 12 Meyi
Kutchalitchi amayi akhala kumbuyo, osati pabenchi la kwaya. Milomo ikuyenda, mawu osatuluka. Mayi wina anafunsa mnzake, "Kodi a alito aja anasamuka?" Amayi ali pambali pawo pomwepo.
Titaweruka ndinayenda kwa a kwaya mmodzimmodzi, ine amene ngakhale moni amandivuta. Onse yankho limodzi: anafufuta kalekale, foni inadzaza. Iwo alibe mlandu. Sankadziwa. Nanga ine?

Lachinayi, 16 Meyi
Abambo ena oimba besi mukwaya, akalipentala, amene sanabwere Lamlungu, anandiitanitsa kushopu kwawo. Foni yawo yomanga ndi mphira, utuchi mpaka m'mabatani. "Ine kufufuta sindidziwa, mwanawe, n'chifukwa chake imayenda ngati ili ndi nyamakazi." Tapezamo nyimbo imodzi. Masekondi makumi awiri. Amayi akuimba mizere iwiri, bwinobwino. Kenako chitseko kulira, iwo n'kusiya nyimbo: "Iwe, tseka chitseko, ndikujambula!"
Iweyo ndine. Yomwe yatsala imodziyi, anaiononganso ndine.

Loweruka, 18 Meyi
Ndaulula. Pakamwa zinakanika, ndiye ndinalemba m'kope la amayi, tsamba lathunthu. Anawerenga mpaka pansi. Yankho lawo: "Ndinadziwa Lachisanu lomwe lija." Basi. Ndawaikira nyimboyo mufoni. Amvetsera katatu, dzanja lili pakhosi. Sanamwetulire. Sanandiyang'anenso.

Lolemba, 20 Meyi
Ndalowa kuchokera kusukulu, chitseko n'kuchisiya pululu mwa masiku onse. Kumbuyo kwanga, mawu a amayi, aukali, athunthu: "Iwe, tseka chitseko, ndikujambula!"
Chikwama chinagwa pansi.
Ali pampando, foni m'manja, chala chili pabatani. Mapewa akugwedezeka. Kaya amaseka, kaya amalira, popanda mawu n'zovuta kusiyanitsa. Ndinatseka.
Mawa ndichisiyanso chotsegula.