Tisa Asachoke M'chipatala

Amalume,

Ndikhulupilila muli bwino ku Kitwe ndi banja lonse. Ine thupi lili bwino, koma mtima uli m'mwamba. Zinthu ziwili zikufunika msanga: mng'ono wanga Tisa asachoke m'chipatala kuno ku Petauke, ndipo amai alole kuti apimidwenso magazi.

Mabala amene Tisa anapsa ndi mafuta otentha akuoneka ouma, ndiye amai akuti wachila. Koma munthu wakupsa amatentha thupi ngakhale palibe vuto lina, choncho timadalila magazi kutiuza ngati tizilombo talowa. Zotsatila zake ndaziona ndekha ku labu yopimila magazi ya chipatala chino, kumene ndimagwila nchito. Chizindikilo cha tizilombo m'magazi chakwela masiku awili otsatizana, ndipo Tisa akupuma mofulumila.

Lelo nesi atabwela ndi jekeseni yotengela magazi, amai anaphimba mkono wa Tisa ndi chitenge. Anati, "Mwana wapsa kale, mufuna mum'malizenso magazi? Loweluka tipita kwathu ku Luembe." Nditafotokoza, anangoti, "Iwe, ndinakubala ndine."

Amalume, ine sandimvela, koma inu mlongo wao amakumvelani. Zikavuta ku Luembe, ndikuopa kuti Tisa sadzafika kuno wamoyo. Chonde aimbileni, mundiyankhe Loweluka lisanafike. Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Misozi