Maso Ali Pansi

Lachinayi, mwezi wa Julayi. Tsiku lolemera, mwera sunaleke.

Dzulo alamu anga a Saidi, amene angobwera kumene kuchokera ku usilikali ku Malaya, anandifotokozera kanema wa Afilipino yemwe anaonera ku Singapore. Mwini minda wolemera aphetsa munthu, mlandu n'kugwera mlimi wake, ndipo kalaliki wa kukhoti, wodziwa zoona, akhala chete mpaka mlimiyo anyongedwa. Ndinati, "Alamu, izo n'zopeka. Munthu wophunzira sangatero." Iwo anangoseka: "Inu a mabuku, chabwino."

Lero kukhoti ndamasulira mlandu wa a Juma, msodzi wa ku Chia, amene akuti anang'amba khoka la mwini sitolo. Mboni inali imodzi, wantchito wa mwini sitoloyo, nayenso amadodoma. A Juma anayankha mafunso onse bwinobwino, koma maso ali pansi, monga timachitira tonse pamaso pa wamkulu. Mzungu woweruza anati, "Munthu wosalakwa akanandiyang'ana." Zaka ziwiri kundende ya ku Zomba.

Ndikanatha kunena kuti kwathu kuno kuyang'ana wamkulu m'maso ndi mwano. Sindinanene. Ntchito yanga ndi kumasulira mawu, ndipo kuweramitsa mutu si mawu. Zimenezi n'zoona, ndazibwereza njira yonse yobwerera kunyumba.

Akuwatulutsa, a Juma anati, "Zikomo achimwene, mwandilankhulira bwino."

A Saidi andifunsa za mlanduwo pakhomo. Ndawauza kuti mutu ukundiwawa. Mwina mawa ndilembere woweruza, koma ndiyambe bwanji, poti ndinali pomwepo ndipo...