Andiwerengera kwa akufa

Lachinayi, Novembala. Kwatentha ngati m'ng'anjo, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Masana padoko, tikudikira mabwato, anthu anakangana za amene adaposa onse poimba besi. Mlamu wanga Alufandika anakakamira pa malemu Zuze a ku Marka. Ati babatoni wawo, besi ya waya umodzi basi, ankamveka mpaka tsidya la Shire. Ena anakana, ati palibe wofika pa Mateyu, woimba besi ya magetsi kutchalitchi.

Ine ndinkaingitsa ntchentche pansomba ndi dzanja latsalali. Chindilumireni ng'ona sindinakhudzenso babatoni wanga. Botolo loyendetsa pawaya ndingaligwire ndi chiyani?

Pomaliza Alufandika anagamula: "Pa amoyo ndi Mateyu. Pa amene adapita, ndi Zuze ndi alamu angawa." Ananena akundisisita paphewa, poganiza kuti wandilemekeza. Onse anavomera, ati ndimomwene. Palibe anaona cholakwika.

Nditafika kunyumba ndinatsitsa babatoni kudenga. Makoswe adya chikopa, waya wachita dzimbiri. Ndinamenya kamodzi ndi kamtengo.

Mayi a ana analowa chothamanga, kufunsa kuti chagwa n'chiyani.