Sindiphika pa Ukwati wa a Bennet

Soche,
Blantyre.
14 Ogasiti, 2022.

Okondedwa achemwali a Millicent,

A Bennet, achimwene anu, amene mpaka mwezi watha analinso achimwene anga, ndi amene andigwiritsa cholembera lero. Koma ulemu ndinaphunzira, ndiyambe ndi moni. Muli bwanji ku Mzuzuko? Alamu ali bwanji? Chifuwa cha mwana chija chinatha? Kuno amayi ali bwino, kungoti bondo lija likumawavuta kukazizira. Ine m'thupi ndili bwino. Zinazo muwerenga.

Ndalemba kalata dala. Pafoni mumandidula ndi mawu anu aja oti koma Felicia, ndi mchimwene wako, ine n'kuiwala pomwe ndinalekezera. Pepala silidula munthu. Ndapatsira a Paston amene akukwera basi Lachiwiri.

Amayi andiuza kuti akutumani mundinyengerere ndikaphike pa ukwati wa a Bennet ndi Ethel mu Okutobala. Sindiphika. Werengani mpaka kumapeto, kenako muone ngati mphamvu yondinyengerera itsale.

Nkhani ya ukwati wa ku Chirimba wa mu Disembala munangoimva mwapatalipatali. Ankakwatiwa ndi msuweni wake wa Ethel. Ine ndinaphika mpunga, nyama ya ng'ombe, kabichi ndi tchipisi. Nkhuku sindinaphike ine. Amayi ake a Ethel anati aotcha okha kwawo, ndi mphatso yawo. Anaotcha dzulo lake, magetsi anazima, firiji inasanduka kabati, ndipo nkhukuzo zinafika kuholo zili m'mabeseni m'buti ya galimoto, dzuwa la Disembala lili pamutu. Nditavundukula beseni limodzi ndinawauza kuti izi zayamba fungo, zisaperekedwe. Anandiyankha kuti ndichite zimene anandiitanira. Ndinaletsa atsikana anga kuzikhudza, anagawa okha ndi azibale awo. Anthu oposa makumi atatu anagonekedwa m'chipatala.

Patatha masiku awiri, tsamba lina la miseche pa intaneti linalemba kuti wophika wa ku Soche watsegula m'mimba ukwati wonse. Dzina langa, chithunzi changa nditavala epuloni, zonse. A zaumoyo anafufuza, mu Januwale anandipatsa kalata ya chidindo yonena kuti vuto linali nkhuku zimene sizinachokere m'khitchini mwanga. Kalatayo ndinawatumizira a tsamba la miseche lija kanayi. Mpaka lero zii.

Masiku ano komiti ya ukwati isanakuimbire, wina amayamba walemba dzina lako pa Google. Mukalemba langa, choyamba kutuluka ndi bodza lija. Chaka chino ndinali ndi maukwati asanu ndi anayi, anandithawa onse kupatula umodzi. Ena amanama kuti apeza wachibale wophika. Mayi wina wa ku Namiwawa yekha ndiye anandiuza poyera kuti mwana wanga, ndakuwerenga, sindikufuna kukavinira kuchipatala.

Ndiye ndinapita kwa ndani? Kwa achimwene anga, katswiri wa makompyuta m'banja mwathu. Mukudziwa ali ndi tsamba lawo la zamaukwati lija, pamene pali mndandanda wa obwereketsa matenti, ojambula, opanga makeke ndi ophika. Chilichonse cha ukwati mu Blantyre mukachifufuza, lawo limatuluka pamwamba.

Anandilandira bwinotu. Anandipangira katsamba kanga, anaikapo kalata ya a zaumoyo ija ndi zithunzi za zakudya zanga. Anati bodza silingafufutike, koma likhoza kukankhidwira pansi ngati tsamba langa litakwera pamwamba pake. Njira yake, anati, ndi yoti anthu ambiri aike linki ya tsamba langa pa Facebook. Anatinso andiika pa mndandanda wawo wa ophika. Ndinalira, achemwali. Ndinawaphikira keke ya nthochi, n'kukawasiyira ku ofesi.

Miyezi isanu ndakhala wopemphapempha. Ndinaimirira pamaso pa amayi a Mvano Lachinayi, ine amene sindipempha ngakhale mchere kwa aneba, n'kuwapempha andiikire linki. Ndinkayenda mpando ndi mpando kuwaonetsa podina, ena mafoni osweka galasi, ena magalasi a m'maso anaiwala kunyumba. Mayi wina anaika linki yanga pansi pa uthenga wa maliro, anamfedwa anandiimbira kundifunsa ngati ndikutsatsa malonda pa mtembo wa bambo awo.

Ndinapempha a kwaya. Ndinapempha anzanga a ku sekondale amene sitinapatsane moni chilembereni mayeso a folomu folo. Ndinapempha ngakhale Fabiano. Fabiano, achemwali! Munthu amene ndinalumbira kuti ndikadzamuona akuwoloka pa Ginnery Corner ndidzayang'ana kumbali. Magulu awiri ogulitsirana katundu anandichotsa, wina n'kulemba kuti mayi wa malinki wabweranso.

M'mawa uliwonse ndisanatsuke m'kamwa ndinkalemba dzina langa pa Google. Bodza pamwamba, ine tsamba lachisanu, kumene safikako ngakhale munthu wosowa chochita. Ndikawafunsa a Bennet ankati makina amachedwa, uwonjezere anthu. Ine n'kuwonjezera.

Mwezi watha ndinapita ku Limbe, kusitolo ya a Nooruddin kumene ndimagula zokometsera ndi mbale za mapepala. Mwana wawo Shaista, amene amayendetsa tsamba la sitoloyo, anandimva ndikupempha mayi wa pakauntala kuti andiikire linki. Anandifunsa kuti ndikufuna chichitike n'chiyani. Nditamufotokozera, anandiitanira kuseri, n'kuika laputopu yake pamwamba pa matumba a mpunga.

Ndikufotokozereni mmene anandifotokozera, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Anati linki ili ngati mboni. Tsamba lodalirika likaloza lako, Google imatenga ngati wina wakuikira umboni, ndiye umakwera. Koma pali kamawu kena kobisika kotchedwa nofollow, kamene munthu wowerenga sakaona, amakaona ndi makina okha. Kakamatidwa pa linki, ndiye kuti mwini tsamba akunena kuti uyu ndamuloza, koma sindikumuikira kumbuyo, musandiwerengere.

Anati malinki a pa Facebook ndi masamba ena amchezo amabwera kamawuka kali kale, kuopa anthu omwaza zotsatsa paliponse. Amabweretsa anthu odzawerenga, inde, koma kukukweza pa Google nthawi zambiri ayi, kaya aike anthu khumi kaya chikwi. Ndinamufunsa ngati ndi chinsinsi cha akatswiri okhaokha. Anaseka pang'ono, anati aliyense wopanga masamba amachidziwa ngati mmene ine ndimadziwira kuti anyezi amatulutsa misozi.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinawateteza. Ndinati mwina achimwene anga anangoiwala, ndipotu anandiika pa tsamba lawo lalikulu. Shaista anati ngati zili choncho linki imodzi yokhayo ikanandithandiza kuposa zonse za pa Facebook, tiyeni tione.

Anatsegula kuseri kwa tsamba la a Bennet, kumene kuli tizilembo tambirimbiri ngati nyerere. Pa mndandanda pali ophika makumi anayi ndi atatu. Anandionetsa mmodzimmodzi. Onse malinki awo ndi oyera. Mmodzi yekha ndiye ali ndi nofollow. Ndikuuzeni dzina lake?

Ndinafunsa ngati kamawuka kangalowe kokha. Anati pa mndandanda ngati umenewu, pa munthu mmodzi yekha, ayi. Wina anakhala pampando n'kukalemba ndi zala zake.

Kenako anatsitsabe tsamba, n'kundifunsa ngati ndikufuna kuona china kapena zakwana. Ndinati ndione. Mu Disembala, sabata imene bodza lija linatuluka, a Bennet analemba pa tsamba lawo kuti nayi nkhani imene yavuta m'tauni, n'kuika linki yopita ku tsamba la miseche lija. Linki yoyera, yopanda nofollow. Bodza analiikira umboni. Mlongo wawo anamukana. Shaista anandipangira tiyi wa masala, anazizira ndili chigwirire.

Ndinakwera minibasi pa depoti ya Limbe mpaka m'tauni, katundu ndinamuiwala kusitolo. A Bennet ndinawapeza pa ofesi nthawi ya nkhomaliro akudya tchipisi. Poyamba anati za makompyuta sindingazimve, wandisokoneza ndani. Ndinatenga pepala la tchipisi lomwelo n'kulembapo kamawu kaja chilembo ndi chilembo, n'kuwaikira pamphuno. Anasiya kutafuna.

Ndiye mvetserani chifukwa chake. Anati kalata ya a zaumoyo ikunena za nkhuku zochokera kunja, ndipo aliyense amene anali pa ukwati uja akudziwa mwini nkhuku. Tsamba langa likanakwera, apongozi awo akanachita manyazi ukwati usanachitike. Anati amafuna kudzachotsa kamawuko Okutobala akadutsa. Anati iwe Felicia ndiwe wolimba mtima, ukanapirira.

Za linki ya mu Disembala anati inali nkhani imene aliyense ankaifuna, ankangofuna anthu abwere pa tsamba lawo, sanaganize. Chithunzi cha mlongo wawo atavala epuloni imene anandigulira okha pa Khirisimasi, koma sanaganize.

Ndinawafunsa funso limodzi lomaliza. Ndinati ngati munkadziwa kuti za pa Facebook sizikweza munthu, munanditumiranji kukagwada kwa amayi a Mvano? Anandiyankha akupukuta mafuta m'manja kuti ankafuna ndikhale ndi chochita, ndisamangokhala n'kumalira.

Achemwali, nkhuku zija ndikhoza kuziiwala. Mantha a mwamuna amene akufuna kusangalatsa apongozi ndikhoza kuwamvetsa, ngakhale ndi opusa. Koma kundipatsa ntchito yabodza ngati mwana amene wamupatsa supuni kuti azisewera asasokoneze akuluakulu, n'kumandiyang'ana miyezi isanu ndikuchita manyazi tauni yonse, n'kudya keke yanga ya nthochi, zimenezo ayi.

Tsopano ndiulule changa musanachimve kwa ena. Lachinayi lotsatira ndinaimiriranso pamaso pa amayi a Mvano. Ndinawapepesa kuti ndinawathera mayunitsi pachabe. Anandifunsa kuti pachabe bwanji. Ndinawauza zonse, kuyambira firiji yozima mpaka buti ya galimoto, ndipo dzina la mwini nkhuku ndinalitchula lonse, kawiri, kuti a kumbuyo amve. Mng'ono wawo wa apongozi a Bennet anali pa benchi yachitatu. Ndinamuona, ndipo sindinatsitse mawu.

Amayi a Mvano alibe nofollow. Pofika Lamulungu nkhani inali itafika ku Chirimba, Lolemba inali mu msika wa Limbe. Chimene achimwene anu anabisa miyezi isanu ndi itatu chinayenda masiku anayi wapansi.

Kodi ndikudandaula? Ndakhala ndikudzifufuza, sindinapeze. Ethel yekha ndiye amandimvetsa chisoni pang'ono, sanaotche nkhuku ndi iye. Koma nayenso anali pomwepo ndikunena kuti zayamba fungo, ndipo anayang'ana kudenga.

A Bennet anabwezera. Andichotseratu pa mndandanda wawo, ophika atsala makumi anayi ndi awiri. Linki ya bodza ija yokha ndiye anaisiya. Musandiuze kuti anaiwala.

Amene andiikira umboni ndi anthu amene sitili nawo magazi amodzi. Shaista anawauza bambo ake. A Nooruddin anati zaka zinayi akhala akundiona ndikuwerenga deti pa botolo lililonse la mafuta mpaka kuwatopetsa, munthu wotere sangadyetse anthu zowola. Anandiika pa tsamba la sitolo yawo ngati wophika amene amagula kwa iwo, linki yoyera. A Gracian amene amasamala tsamba la mpingo wathu achitanso chimodzimodzi. Dzulo ndinali pa tsamba lachiwiri. Bodza likadali pamwamba, sindikunamizani, ndipo Shaista akuti zitenga nthawi. Koma mayi mmodzi wa Mvano wandipatsa ukwati wa mwana wake mu Novembala, akuti iye safunsa foni, anadya kale mpunga wanga.

Ndiye pempho langa ndi ili. Amayi muwauze kuti munayesetsa, ndinakana, asakudzudzuleni. Musandiimbire kuti tikambirane, musanditumizire mavesi, musatume amalume. Miphika yanga, atsikana anga, ngakhale chipande changa sizikaponda pa ukwati umenewo. Dzina langa ndi limene limandidyetsa, ndipo sindikaliikanso pafupi ndi beseni la anthu amenewo.

Kupita ndipita, chifukwa amayi ndi bondo lawo sangakwere masitepe a tchalitchi okha. Ndikakhala kumbuyo, ndikaimba nyimbo zonse. Koma chakudya ndikatenga changa m'kontena, cha ine ndi amayi. Ndamva kuti nkhuku aotchanso apongozi, ndi mphatso yawo. Mukamabwera ndi ana mundiuziretu, ndiwonjezere mpunga.

Mulungu akusungeni inu ndi nyumba yanu yonse. Mundiperekere moni kwa alamu, ana muwapsompsone, muwauze kuti anti awo akuwasungira mandasi a mkaka aja. A Paston akamabwerera mundipatsireko mpunga wa Kilombero ngati mungaupeze wabwino, ndikufuna wa mu Novembala ukanunkhire mpaka pamsewu.

Nkhaniyi ndainena kwa amayi a Mvano kamodzi, kwa inu kamodzi. Yathera papepala lino. Mukadzaiyambitsa tikadzakumana, ndidzakufunsani za nyengo ya ku Mzuzu.

Ndine mng'ono wanu,
Felicia.