Amayi, Kandilankhulireni ndi a Kachingwe

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano?

Ndine Jailosi wanu, uja munkati pakamwa pake padzamumangitsa. Mpaka lero sanandimange. Ndikulemba ndili ku Ivory Park, kuno ku Joni, m'kanyumba kanga ka malata. Musadabwe kuti ndakukumbukirani ndi kalata imvi zitamera mpaka m'makutu. Ndili ndi ntchito yoti ndikutumeni. Ndikudziwa kuti kutuma amayi ndi mwano, koma munthu amene ndikufuna kukamba naye ali kwanuko, ndipo kumeneko ndilibe wina wodziwa kuyendetsa nkhani kuposa inu.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Esinati, mdzukulu wanu uja munamusiya akukwawa, wabereka mwana wamwamuna. Mutu wake ndi wanga ndendende, wautali kumbuyo, moti anamwino anaitanizana kudzaona. Esinatiyo wapeza nyumba ya njerwa ku Cosmo City, kumene akumanga kumene, ndipo chimbudzi chili m'nyumba momwemo, pafupi ndi pophikira. Ine ndikapitako ndimadziletsa mpaka ndibwerere kwanga. Kuseri kwa kanyumba kanga ndinadzala chimanga mizere ingapo ndi mpiru. Chimanga chinabereka bwino, koma anakolola ndi makoswe. Makoswe a kuno, Amayi, mphaka akakumana nawo amayamba ndi iye kupereka moni. Kumudzi, mlongo wanga Feliya akuti mtedza wachita bwino m'munda wanu wa kudambo uja, koma mtengo wa mango unagwa ndi mphepo, unaphwanya khola la nkhunda.

Amake Esinati muli nawo kumeneko. Muwapatse moni wanga, muwauze kuti mwana ndinamulera. Koma kalatayi musawawerengere yonse nthawi imodzi.

Nkhani ndi iyi: ndikufuna kukwatira. Sekani, ndikudikirani mumalize.

Mkazi wake ndi aNambewe, a ku Ntcheu, amakhala mzere wathu womwe uno pafupi ndi mpopi. Si mtsikana, ali ndi zidzukulu, koma akaseka mano onse alipo. Amagwira ntchito ya m'nyumba kwa azungu ku Midrand. Amuna awo, a Kachingwe, ankanyamula matumba ku Marlboro, ndipo anamwalira zaka zapitazo. Anaikidwa konkuno. Abale awo sanabwere kumaliro, ndipo mpaka lero palibe amene anabwera kudzasudzula mkaziyu. Mukukumbuka, abambo atamwalira, amalume awo atabwera kudzakuuzani kuti mwamasuka, mukhoza kukwatiwa? Inu munati, "Ndamasuka, koma ndipita kuti ndi ana asanu komanso pakamwa pa Jailosi?" Mawu amenewo a kumasuka aNambewe sanawamvepo. Ndiye wopikisana nane pa mkaziyu ndi munthu wakufa. Wamoyo ndikanadziwa chochita naye.

Tsono chimene chikumupatsa mphamvu wakufayo ndi mabuku. Madamu a aNambewe akamaliza kuwerenga mabuku amataya, iwo amatola. Si mabuku a sukulu, si a nyimbo za kutchalitchi. Pachikuto pamakhala mwamuna wopanda malaya, wotuwa ngati akudwala malungo, atagwira mkazi amene akuoneka ngati akukomoka. M'katimo ndi akazi okondana ndi zinthu zosakhala anthu. Wina mwamuna wake amasanduka mmbulu mwezi ukawala. Wina ndi mfumu ya tianthu ta mapiko. Wina amamwa magazi, namapopa weniweni, Amayi, koma m'malo momuthamangitsa ndi miyala, mkaziyo amachita kumutsegulira kolala.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, amayi a mzere wathu amasonkhana pakhomo pa aNambewe kulukana tsitsi. Iwo amawerenga Chingerezicho n'kumatembenuza m'Chichewa. Ine ndimapezeka pomwepo chifukwa ndimakonza chitseko chawo. Chitseko chimenecho ndachikonza nthawi yaitali, ndipo sichikuonetsa kuti chichira msanga.

Mukanamva maganizo a anthu amenewa! Amake Tisa, mayi wa ku Chipata wogulitsa matimati, anati, "Ine uja wosanduka mmbulu ndiye mwamuna. Amasanduka chilombo kamodzi pamwezi. Wanga amasanduka Lachisanu lililonse." Akazi a a Mwale, mkulu wa mpingo wathu, amafika oyamba ndi kampando kawo, n'kumati, "Zausatana izi, ine ndangobwera kudzaluka." ANambewe akangoima kuti amwe madzi, omwewo ndi amene amati, "Ndiye kenako anatani?"

Ine ndinafunsako za namapopa uja. Ndinati, "Munthu wosatuluka masana adzagwira ntchito yanji? Kwawo ndi kuti? Ankhoswe ake ndani? Mwana wanu atabwera naye pakhomo mungamuphere nkhuku, kapena angamwe magazi okha n'kukusiyirani nyama?"

"A Jailosi, khomani chitseko," anatero amake Tisa. "Za chikondi zinakudutsani nthawi ya migodi."

Koma pali buku limodzi limene aNambewe sawerengera anthu kawirikawiri. Amalisunga m'chikwama chomwe amasungamo buku la nyimbo. Munkandikoka khutu ndikanyoza ndiwo ndisanalawe, ndiye ndinalibwereka kuti ndimudziwe mdani wanga. Ndi Chingerezi changa cha Sitandade 5, chosakaniza ndi cha akapitawo a kumgodi, linanditengera nyengo yonse yozizira. Mawu ovuta ndinkangowalumpha ngati matope.

Muli mkazi wamasiye, amakhala yekha m'nyumba yaikulu ya miyala. Mwamuna wake anagwa pa hatchi n'kufa, koma amabwerabe. Mphepo ikaomba pawindo, mkaziyo amamva fungo la fodya wake, ndiye amacheza. Tsono m'mudzimo muli kalipentala, munthu wabwinobwino, wamoyo, wa mapazi ofunda. Denga likadontha amakwera ndi iye. Nkhuni amabweretsa ndi iye. Mkaziyo atadwala, amene anathamangira dokotala pa mvula ndi iye. Ine ndikuwerenga ndinkati, limba m'bale wanga, tatsala pang'ono. Kumapeto kwake, Amayi, mkazi uja akumuuza kalipentala kuti, zikomo, ndinu munthu wabwino, koma mtima wanga uli ndi mwini wake. N'kutseka chitseko. Chitseko chimene anakonza kalipentalayo!

Ndinaliponya bukulo pakhoma. Kenako ndinalitola n'kulipukuta, poti ndi la eni.

Lamulungu lotsatira ndinaika hamala pansi n'kuima pakati pa amayiwo. Ndinati, "Amene analemba buku ili sanakwerepo padenga. Kodi wamoyo analakwa chiyani? Wakufayo anabweretsapo ngakhale mchere?" Anandiukira onse. Amake Tisa anati buku limenelo ndi limene linawaliza kuposa onse, ndipo likanatha ndi ukwati wa kalipentala akanakulungira matimati. Akazi a a Mwale anati, ngakhale ndi zausatana, kukhulupirika kwa mkaziyo n'kwa chitsanzo. Mwini bukulo, aNambewe, anadikira onse atanyamula mipando yawo, ndipo anati:

"Bambo a Esinati, mukuganiza kuti sindidziwa chimene chikuvuta chitseko changa? Wa m'bukuyo ndimamukonda chifukwa sangafenso. Ine ndinaika mmodzi, ndekha, dziko la eni, wopanda m'bale wondigwira mkono. Inu ndi chifuwa chanucho mukufuna ndiikenso wachiwiri?"

Amayi, ndinatola hamala yanga n'kubwerera kwanga.

Nkhani inafika kwa a Mwale, mukudziwa kale kuti inadzera mwa ndani. Anabwera kwanga atavala tayi, nati, "A Jailosi, cholinga chanu ndi chabwino, mpingo uli nanu. Chimene chamanga mayiyu ndi mabuku aja, muli mizimu. Inu mumalowa pakhomo paja. Atengeni mubwere nawo, tiwotche, tipemphere, ukwati tidalitsa." Esinati naye anaimba foni: "Adadi, asiyeni amayi a mizukwawo, bwerani ku Cosmo, chipinda chilipo."

Ndinakana onse awiri. A Mwale ndinawauza kuti ine bukulo ndimadana nalo kuposa iwo, chifukwa ine ndinaliwerenga, iwo angomva kwa akazi awo, amene sajomba. Koma kulida ndi ufulu wanga, kulikonda ndi ufulu wa aNambewe. Mayi uja amakolopa nyumba ya eni sabata yonse, mawondo anachita kuda. Chake chenicheni m'dziko lino ndi mabuku otola aja ndi Lamulungu masana. Ndikabe zimenezo kuti andikonde? Mkazi womupeza ndi machesi ine sindimufuna. A Mwale anati ngati ndi choncho aganizanso za ukwatiwo, mwinanso za malo anga pa mgonero. Ndinati aganize bwinobwino, asathamange, mutu ungawapweteke. Tiyi anamwa, koma sanatsanzike.

M'malo mwake ndinachita zanga. Loweruka m'mawa ndinavala jekete, ndinatenga khasu, ndinapempha aNambewe kuti andionetse pamene anagona amuna awo. Amake Tisa tinawatenga ngati mboni. Tinakwera takisi mpaka kumanda a kufupi ndi Tembisa. Ndinayamba ndapalira manda onse, chifukwa sungapemphe kanthu pakhomo pa munthu pali thengo. Kenako ndinavula chipewa, ndinagwada bondo limodzi, linalo linakana.

Ndinati, "A Kachingwe, ndine Jailosi, wa ku Dedza. Tinakumanapo pa mpopi, munandibwereka sopo. Abale anu sanabwere kudzamasula mayiwa, ndiye ndabwera kwa mwini wake. Simunalakwe kanthu, munangofa. Koma denga lawo likudontha, ndipo inu simungakwere. Ngati muli ndi chifukwa chokanira, nenani pano pali mboni."

Tinadikira. Kunadutsa ndege. Mbuzi ina inatiyang'ana. Ndinatembenuka n'kunena kuti, "Mwamva nonse. Sanakane."

ANambewe anaseka mpaka anakhala pansi pa dothi, atagwira m'mimba. Kuseka kuja kunasanduka kulira, kulira kwenikweni kwa maliro, kumene mwina sanalire tsiku loika chifukwa ankathamanga okha ndi zonse. Amake Tisa anawagwira mkono. Ine ndinangoima ndi khasu langa ngati waganyu.

Atapukuta m'maso anati, "Inu a Jailosi mulibe mwambo. Nkhani ya ukwati sakamba mwini wake. Kumene anapita a Kachingweko muli ndi ndani wamkulu?"

Ndinati, "Amayi anga."

Anati, "Atumeni akakambe bwino. Koma ine langa ndi limodzi. Phokoso la fosholo sindikufuna kulimvanso. Mulonjeze pano, pamaso pa awa, kuti inu ndi amene mudzandiike ine."

Amake Tisa anati, "Eish, madala, ganizani kaye, awa ndi olimba ngati njanji." Ine sindinaganize. Ndinalonjeza.

Ndiye ntchito yanu ndi imeneyo, Amayi. A Kachingwe simuvutika kuwapeza: ndi aafupi, adazi, amayenda chopendekera ngati akadali ndi thumba paphewa. Mupite ndi ulemu wonse, monga munkachitira pokambira ana a eni maukwati. Muwauze kuti chithunzi chawo sindichotsa pakhoma. Dzina lawo lidzatchulidwa m'nyumba popanda wina kukwinya nkhope. Manda awo ndizipalira ine. Koma zobwera pawindo ngati wa m'buku uja asiye. Ngati akufuna kucheza, abwere masana, agogode ngati munthu. Mukatha kumeneko mukhale pansi ndi amake Esinati, muwafotokozere pang'onopang'ono. Akayamba kukweza mawu, muwakumbutse kuti anachoka ndi iwo, ine sindinathamangitse munthu. Yankho musavutike kutumiza. Mukakhala chete ndidziwa kuti zatheka.

Ukwati tikuti ukhale mvula ikatha. A Mwale akakana kudalitsa, tikalembetsa kuboma, ndipo akazi awo adzavina kutsogolo, muona. Mabuku akubwera nawo m'nyumba, onse, ndi la kalipentala lomwe. Ndawakhomera kale kashelefu. Ndanena kuti Lamulungu lililonse ndizitsutsa poyera, iwo anena kuti azinditulutsa panja. Tagwirizana.

Tsono mundimvetse pa ichi, Amayi, musakhumudwe. Ndikudziwa kuti anzanga a msinkhu wanga ambiri afika kale kumeneko, ndipo mwina mumayang'ana kunjira kuti wanga uja ali kuti. Lekani kuyang'ana. Fodya ndasiya. Kukiliniki ndinapita, anandipatsa mapiritsi a chifuwa, ndikumwa ngati mwana womvera, chinthu chimene inu simunachionepo. Ndinalonjeza mkazi pamaso pa mwamuna wake kuti sindifa iye asanafe, ndipo mayi ameneyu agogo ake anafa atatopetsa mudzi wonse. Wina aliyense kumeneko akatchula dzina langa, mumuuze kuti Jailosi watanganidwa, ali ndi denga loti akwere.

Ndimakukondani monga kale, ndipo kukusowani sikunathe. Ndikulonjeza kuti tikakolola ndibwera naye mpongozi wanu kumudzi, adzasese pamene munagona, mumuone nokha mano aja. Koma tikatero tibwerera tonse awiri. Mphasa yanga musayale.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Jailosi