Ndodo ya Pulu Yandikana pa Nkando

Wokondedwa mng'ono wanga Fanuwelo,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, ndipo amayi chifuwa chija chawasiya.

Ndalemba chifukwa mutu wanga sukugwira. Loweruka, nditagulitsa nandolo pa Nkando, ndinathawira mvula m'shedi momwe amaseweramo pulu. Anzanga atandiona anakuwa, "Afika asilikali! Awa saphonya, apatseni ndodo!" Nane ndinavomera, poti ukudziwa kuti zaka zonse zija ku usilikali chipolopolo changa sichinkapita padera. Ndinatsinzina diso limodzi, n'kugwira mpweya ngati kale, n'kumenya. Mpira woyera unadumpha tebulo n'kukagwera m'dengu la tomato. Magemu atatu onse sindinagwetse mpira ndi umodzi womwe.

Amene anandigonjetsa, mayi wina wokazinga tchipisi, anati, "Bambo, mfuti mumaloza pomwe mukufuna. Kuno mumamenya pena kuti mpira upite pena." Mpaka lero sindikumvetsa. Kodi kuloza si kuloza basi?

Chikundisowetsa mtendere n'chakuti mwina vuto si masewerawo. Ku esiteti ya tiyi komwe ndikulondera atiyeza maso mwezi wamawa, ndipo wolephera ntchito imuthera. Alamu ako sindinawauze kuti mipira yakutali ndinkaiona iwiriiwiri. Kapena umu ndi mmene imaonekera kwa aliyense wongoyamba kumene?

Iwe umasewera pulu kumeneko, chonde undiyankhe msanga, ndipo usandinamize pofuna kundisangalatsa. Ukaimba foni, yamba wafunsa ngati ndili ndekha.

Mulungu akusunge.

Ndine mkulu wako,
Laitoni