Madzi a pakhomo

Okondedwa amalume a Tsvetan,

Muli bwanji ku Toronto konko? Ife kuno ku Sofia tilipo.

Digiri ya udokotala wa sayansi ija ndamaliza. Zaka zonsezi ndimaphunzira kuwongolera tizidutswa ta atomu tikamathamanga m'makina kuti tisamwazike, koma makinawo awatseka. Ntchito yapezeka kunja kwa dziko lino, ku Hamburg kokha.

Tsiku la mayeso amayi anandithirira madzi pakhomo mwa mwambo wathu, kuti zikandiyendere. Mpaka lero sanasiye. M'mawa uliwonse amathiranso, n'kumati, "Fulumira, Desi, uchedwa ku mayeso!" Ndikawaonetsa satifiketi amafunsa kuti ndi ya mwana wa ndani. Paja inu mumati ndi kutopa chabe.

A ku Hamburg akudikira yankho. Koma ndikapita, amalume, pakhomopo azikolopa ndani?

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Desislava